Ndowa ya Adzukulu

Ndinachoka kwathu chimanga chili m'mawondo, ndipo kwa nthawi yaitali ndikalota kwathuko chinkakhala chikadali m'mawondo, ngati chikudikira ine kuti chikule. Zaka zimene ndinayenda sindinaziwerenge. Ndimangodziwa kuti nsapato zinatha, ndinagula zina, nazonso zinatha. Dzina langa musalifunse, poti m'matauni onse amene ndinapitamo palibe amene analifuna. Anali nalo kale lawo londitchulira.

Zinayambira pamaliro a bambo Gwedeza. Kwathu adzukulu akamakumba manda sabwera kumudzi kudzadya. Chakudya chimawatsatira komweko, ndipo chawocho ndicho chimayamba kuchoka anthu ena onse asanalawe. Tsiku limenelo mayi Nachanza, amene ankatitsogolera ife amayi ophika, anapakulira nyama ya mbuzi m'ndowa n'kundiuza kuti, "Tathamanga nayo iwe. Udzere kuseri kwa nyumba, anthu angaganize kuti tayamba kugawa." Ndinavundikira ndowayo ndi chitenje chifukwa cha ntchentche. Ndinacheuka uku ndi uku kuopa agalu a pamudzipo, amene anali osusuka kwabasi, n'kulowa njira ya kumanda. Ndinakaitula patsinde pa mtengo wa m'mphepete mwa manda, pamene amayi timalekezera, ndipo ndinabwerera kukatsuka mbale.

Malemuwo anali ndi mwana wamwamuna wokulira m'tauni, dzina lake Tadeyo. Anafika pamaliropo ndi magalasi akuda ndi foni yosachoka m'manja. Mwambo wa adzukulu sankaudziwa, komanso sanafunse. Anangoona mayi akuzemba ndi ndowa yovundikira, anajambula, analemba pamwamba pake kuti, "Taonani mfiti za kumudzi, kuba ndiwo pamaliro a bambo anga," n'kuponya m'magulu a pafoni. Bambo ake asanalowe m'manda, ine ndinali nditafika kale m'mizinda imene sindinapondemo chibadwire.

Aliyense kwathu ankaudziwa mwambowo. Koma chinthu chikatulukira m'foni chimaoneka chanzeru kuposa chimene munthu waona ndi maso ake. Poyamba anthu ankangoseka. Kenako ndemanga za anthu akutali zinayamba kufika m'mudzi. Wina akuti taonani mmene akucheukira, wina akuti akupita nayo kumanda kukasakaniza ndi nyama ina, winanso anaika nyimbo pansi pake kuti mapazi anga aziyenda ndi ng'oma. Mawu oti mfiti atangomatirira, mayi Nachanza anatseka pakamwa. Adzukulu amene anadya nyamayo mpaka kunyambita zala nawonso anakhala duu, poti woikira mfiti kumbuyo amafunsidwa kuti akudziwana nayo bwanji. Pamaliro otsatira mayi wina anandilanda mpeni m'manja mwaulemu, n'kundiuza kuti ndikapume.

Ine ndekha ndikanapirira. Koma ndinali ndi mwana, Khumbize, amene anali atangoyamba sukulu. Bambo ake anapita ku Joni iye akuyamwa ndipo anakhala matchona, choncho mwanayo analibe wina koma ine. Tsiku lina anabwera kuchokera kusukulu, ndipo nditatsegula kachikwama kake ndinapezamo mafupa amene anzake anamuikira. Mkulu wanga Velina anati, "Mng'ono wanga, tachokapo kaye, mphepoyi idutse. Mwanayu msiye ndi ine. Akamakuona tsiku ndi tsiku anthuwa saiwala." Ndinamumvera, ngakhale mtima unkandiwawa ngati ndameza khala. Foni yanga ndinaiponya m'chimbudzi. Ndinamuuza Khumbize kuti ndibwera chimanga chikacha, koma mumtima ndinalumbira kuti sindidzabwerera ndi dzina limenelo kudzalipachikanso pa mwana wanga.

Tauni yoyamba inali ndi msewu umodzi, msika umodzi ndi chigayo chosapuma. Mwini chigayocho anali bambo wogontha khutu limodzi, ndipo anandilemba ntchito osafunsa kumene ndachokera. Anandiphunzitsa kudziwa chimanga chosauma pongochifumbata, kutsina ufa kuti ndione ngati sefa yang'ambika, ndi kusaimirira pafupi ndi lamba nditavala chitenje cholendewera. Ufa unkandiyeretsa nkhope mpaka nsidze. Ndinkakondwa nazo zimenezo, chifukwa munthu woyera ndi ufa amafanana ndi wina aliyense woyera ndi ufa.

Tsoka linandipeza pamjigo, nditangosukusula kumaso. Mtsikana wina pamzere anayang'ana foni yake, anayang'ana ine, n'kuyang'ananso foni. Kuyang'ana kumeneko ndinadzakuzolowera m'tsogolo muno, moti ndinkakumva ngakhale nditafulatira. Anagunyuza mnzake ndi chigongono. Mawa lake amayi ankakweza matumba awo a ufa pamaso panga, kuwayesa kulemera, n'kumasuzumira m'chidebe changa. Mwini chigayo anandiitanira panja pamene makina sankamveka kwambiri.

"Mayi, ine ndilibe nanu mlandu," anatero. "Koma chigayo chimafuna anthu, ndiye anthuwo ayamba kulambalala. China, dzulo kunabwera mwamuna kudzakufunsani. Anali atakhwapatira nkhuku."

"Anati iye ndani?"

"Sananene. Mwinanso ananena, koma anaima mbali iyi," anatero akuloza khutu logonthalo.

Munthu wonyamula nkhuku n'kumafunafuna mayi wotchedwa mfiti sangakhale wabwino. Ndinaganiza za asing'anga otulutsa ufiti, ndinaganizanso za anyamata amene amadyera pojambula anzawo. Sindinadikire kuti ndidziwe kuti ndi uti. Ndinamanga kathumba kanga n'kukwera minibasi.

Minibasi zonse zimene ndinakwera zinali ngati imodzi. Kondakitala yemweyo, chitseko chomwecho chomangidwa ndi chingwe, anthu omwewo ataweramira m'manja mwawo ngati akupemphera. Wina akaseka yekha, ndinkasiya kupuma mpaka nditaona pagalasi la foni yake kuti akuseka mbuzi yokwera njinga, osati ine. Mwana akandiyang'anitsitsa ndinkafunda chitenje kumutu. Munthu akandipatsa moni wansangala ndinkayamba ndayang'ana m'manja mwake ndisanayankhe.

Tauni yachiwiri inali ngati yoyamba ija, kungoti msika unali kumanzere. Pakhonde la sitolo ina pankakhala telala wamkazi, mayi Nankwenya, wolankhula atalumira mapini. Anandiphunzitsa kupima munthu osamuyang'ana kumaso, ndipo ntchito imeneyo inandiyenera. Anandiphunzitsa kupalasa makina, kuika zipi, kudula nsalu motsata maluwa ake. Koma miyezi yoyamba yonse ankandipatsa ntchito imodzi, kumasula misoko imene ndalakwitsa. Msoko wokhota ndinkausoka mosachedwa, koma kuumasula kunkandidyera tsiku, ndipo ngakhale ndimasule bwino chotani, timabowo ta singano tinkatsalira pansalu. Nankwenya ankangotiloza ndi chikhadabo.

Nthawi zina ndinkabwereka foni yake kuimbira Velina. Yankho linkakhala limodzimodzi. "Usabwere kaye, vidiyo ija yabukanso, wina waikamo nyimbo yatsopano." Ndikafunsa za Khumbize ankati wapita kumjigo. Ndiimbe m'mawa, ali kumjigo. Ndiimbe masana, ali kumjigo. Ndinayamba kukayikira kuti mwina mkulu wanga wamukonda mwanayo ngati wake ndipo sakufuna ndibwerere. Mwinanso mwanayo ankakhala pomwepo, akupukusa mutu kukana kulankhula ndi mayi womuchititsa manyazi. Maganizo achiwiriwa ndi amene ankandiliza.

Mwamuna wa nkhuku anandipeza pakhonde pomwepo. Ndinayamba kuona nsapato zafumbi, kenako miyendo ya nkhuku yomangidwa ndi luzi. Nditakweza maso ndinamuzindikira, ngakhale magalasi akuda aja analibe. Anali Tadeyo. Anapempha kuti tikalankhulire kuseri kwa sitolo.

"Yambani mwatulutsa foni," ndinatero. "Muizimitse ndikuona, muiike pansi apo."

Anachita zimenezo. Kuseriko anagwada bondo limodzi, anasuzumira uku ndi uku, n'kuyamba kunong'ona.

"Mayi, ndinakulakwirani. Pamaliro a amalume anga ndinaona mayi wina akuzemba ndi ndowa ngati inu muja. Ndinatulutsa foni. Munthu wina anandigwira dzanja n'kundiuza za adzukulu. Kuyambira tsiku limenelo sindigona. Vidiyo ija ndinafufuta kalekale. Landirani nkhukuyi, mundikhululukire."

"Munafufuta kwanu. Nanga kwa ena?"

Ndinaonjezera funso lina.

"Ndipo mukunong'oneranji? Muja munkanditcha mfiti munanong'ona?"

"Ndili pantchito, mayi. Abwana akamva kuti ndine ndinayambitsa, ndiye kuti basi. Ndimati tithane awiriwiri."

Ndinamuyang'ana bwinobwino. Misozi inalipo ndithu, koma maso ankathamangira kungodya ya sitolo kuopa kuti wina angatulukire. Munthuyo ankafuna tulo take, ndipo anayenda mtunda wonsewo kudzatigula ndi nkhuku. Ndinakwiya. Ndinamuuza kuti anyamule nkhuku yake, ine ndili ndi diresi loti ndimalize.

Khoma la sitoloyo linali la malata, ndipo Nankwenya anamva zonse. Usanathe mlungu anali ataifufuza vidiyo ija n'kuipeza, ndipo poipeza anaonetsako mnzake mmodzi yekha, amene anaonetsanso mnzake mmodzi yekha. Kenako kunabwera amayi a mkwatibwi wina. Anayang'ana foni, anayang'ana ine, n'kunena kuti nsalu ya ukwati wa mwana wawo isakhudzidwe ndi manja anga. Nankwenya analavula mapini m'dzanja, chinthu chimene sindinamuonepo akuchita.

"Mnzanga, ine ndinamva ndi makutu anga kuti sunabe," anatero. "Koma makasitomala anga sanamve."

"Auzeni."

"Ndiwauza kuti ndamva kwa ndani? Kwa mwamuna wonong'ona kuseri kwa sitolo?"

Ndinadutsa m'matauni ena amene sindiwakumbukanso bwino. Kwina ndinatsuka mbale m'lesitilanti, kwina ndinasankha mtedza, kwina ndinagulitsa tomato pamsewu. Mayi wa m'vidiyo uja ankafika ine ndisanafike. Iye sankakalamba, sankadwala, sankalipira minibasi. Ankangoyenda ndi ndowa yake kuseri kwa nyumba, ine n'kumabwera pambuyo kudzayankha mlandu wake. Ndipo kulikonse ndikamachoka, wina ankandiuza kuti dzulo kunabwera mwamuna wa nkhuku, kungoti mtundu wa nkhukuyo unkasintha.

Pomaliza ndinafika pamudzi wina kuseri kwa phiri, kumene netiweki inkapezeka pamwamba pa chulu chimodzi chokha. Kumeneko kunali mayi woumba mbiya, Namatika, wamkamwa mowawa, wosakonda alendo, ana ngakhale nkhuku za eni. Ananditenga chifukwa msana unkamuvuta pokumba dothi. Anandiphunzitsa kusankha dothi, kulipondaponda, kuchotsamo timiyala, kuumba kuyambira pansi, kukulungiza ndi mwala wosalala, ndi kuotcha osafulumira. Mbiya zikazizira ankazigogoda imodziimodzi ndi chala, khutu ali tcheru. Yabwino inkalira mokoma. Yokhala ndi mng'alu wobisika inkayankha mogontha, ndipo ankaikankhira pambali ngakhale ikongole bwanji. Nkhani yanga ndinamufotokozera ndekha, poti ndinatopa kudikira kuti aimve kwa ena. Anangoti, "Nanga ndowayo inabwerera kwa mwini wake?" n'kupitiriza kukulungiza. Kumeneko ndinakhala nthawi yaitali, mpaka zidendene zinang'aluka ndi dothi.

Tadeyo anafikanso nyengo ya mphepo. Anali atawonda, nkhuku inali yoyera, ndipo m'dzanja lina anagwira ndodo yachitsulo yomangirirapo foni. Ulendo uno sananong'one.

"Mayi, ndinalemba zoona zonse pa intaneti, ndi dzina langa lenileni. Ntchito inatha. Koma awerenga ndi anthu ochepa, ndipo ena mwa iwo akuti mwandilodza. Anthu amakhulupirira akaona nkhope. Ndiye ndimati tijambule, ine nditagwada, inu mukulandira nkhukuyi. Imeneyo iyenda, mayi, ndikudziwa mmene zimayendera."

Anali atayamba kale kufunafuna mbali yowala bwino. Ndinaseka chifukwa cha ukali.

"Ndiye mwabwera kudzabwerekanso nkhope yanga? Koyamba munaitenga osapempha kuti anthu akuoneni kuti ndinu mwana wokonda bambo ake. Lero mukuifuna kuti akuoneni kuti ndinu munthu wolapa. Nkhope yanga yayenda mokwanira, achimwene. Pindani chindodo chanucho."

Anachipinda pang'onopang'ono. "Nanga nditani? Madzi akatayika saoleka."

"Amene anataya ndi amene amakolopa. Mlandu suthera panjira, ndipo kuno ndilibe nkhoswe. Munandilakwira pasiwa, kwathu, pamaso pa anthu amene mwana wanga amakumana nawo tsiku lililonse. Pitani kumeneko. Pakagwa maliro, anthu atakhala pansi, mukapemphe mawu. Foni ikakhale m'thumba. Ndipo musakanene kuti zinalakwika, kapena kuti tinalakwitsa. Mukanene kuti ine."

"Akandiseka, mayi. Mwinanso akandigenda."

"Eya," ndinatero.

Anakhwapatira nkhuku yake n'kutsika phiri. Namatika, amene anali pomwepo akukanda dothi, anandifunsa osakweza mutu kuti, "Wamugogoda, walira bwanji?" Ndinamuyankha kuti sindinamve bwino. Mumtima ndinali nditamukankhira kale pambali.

Inadutsa miyezi. Tsiku lina ndinakwera pachulu paja ndi foni ya mwana wa Namatika, ndipo Velina anayamba kulankhula ndisanamalize moni.

"Kuno kuli zachilendo. Mwana wa malemu Gwedeza uja wabwera, akukhala m'nyumba ya bambo ake yogumuka ija. Salima, sagulitsa kanthu. Amangofunsa anthu kuti, kodi kuno kulibe amene akudwala kwambiri? Anthu ayamba kulowetsa ana m'nyumba akamadutsa. Akuti munthu wanji wodikira maliro."

Ndinaseka mpaka kukhala pansi pachulupo. Kenako kuseka kunatha, chifukwa ndinkadziwa mmene zimawawira anthu akamaitana ana awo iwe ukudutsa. Komabe sindinamukhulupirire. Ndinati atopa, abwerera kutauni.

Sanabwerere. Velina anatumiza uthenga kuti mayi Nachanza atisiya, ndipo Tadeyo wapita kale kwa eni mbumba kukapempha kuti adzalankhule. Anati ndibwere. Ndinaganiza kuti ndi msampha, kuti andisonkhanitsira anthu ndi mafoni awo. Ndinaganizanso za mayi Nachanza, amene anapita ndi mawu ondiikira kumbuyo m'kamwa osawalavula. Namatika anandiponyera chitenje chake chabwino n'kunena kuti ndichoke, ndikumutchingira dzuwa.

Ndinafika mwambo uli mkati. Mudzi unali utachepa, mitengo itatalika. Ndinakhala kumapeto kwa amayi nditafunda kumutu, ndipo Velina yekha ndi amene anandizindikira. Anandifinya dzanja osatembenuka. Atalankhula a kubanja ndi a mpingo, woyendetsa mwambo anati pali mlendo amene wapempha mawu. Tadeyo anaimirira pakati pa bwalo, manja ali lende, opanda kanthu. Anthu anang'ung'udza.

"Ine ndine Tadeyo, mwana wa malemu Gwedeza," anatero. "Pamaliro a bambo anga ndinajambula mayi wa m'mudzi muno atanyamula ndowa. Ndinalemba kuti ndi wakuba, ndinalemba kuti ndi mfiti. Ndinanama. Chinali chakudya cha adzukulu. Sindinafunse munthu. Palibe amene anandituma, ndipo foni sinalembe yokha. Anthu atayamba kumutukwana ndinkakondwa kuona akuchuluka. Nditadziwa zoona ndinakhalanso chete, kuopa ntchito. Mayi ameneyo anasiya mwana wake chifukwa cha ine. Ndine, osati wina."

Mnyamata wina anakweza foni kuti ajambule, koma nkhalamba imene inali pambali pake inamutsitsa dzanja. Kenako kumbuyo kwa abambo kunaimirira a Zakeyu, mkulu wa adzukulu, matope a kumanda akadali m'miyendo.

"Nyama imeneyo tinadya ndife," anatero. "Inali ya mbuzi, ndipo mchere unali wokwanira. Tinkadziwa."

Sanakhale pansi. Mdzukulu wina anaimirira, kenako wina, mpaka onse amene analipo tsiku lija. Kumbali ya amayi ena anayamba kulira, ndipo sindikudziwa ngati ankalira mayi Nachanza kapena china. Ine ndinavundukula chitenje kumutu. Anthu anandiona, ndipo ambiri anagwetsa nkhope. Ndinkayembekeza kuti ndikondwa, koma ndinangomva kutopa, ngati munthu amene watula mtolo n'kuzindikira kuti khosi linapindika kale.

Titabwerako kumanda, Tadeyo anabwera ndi nkhuku yake kudzagwada poyera. Ndinamuuza kuti akaipereke kwa mkulu wanga Velina, ndiye nkhoswe yanga. Za kukhululuka ndinati ndiona mmene ndizidzukira, poti sizibwera tsiku limodzi. Sanatsutse. Anayamba kuzungulira pabwalopo, munthu ndi munthu, kupempha aliyense amene anali ndi vidiyo ija kuti aifufute iye akuona. Ena anafufuta mwamanyazi. Ena analumbira kuti sanakhalepo nayo, dzanja litagwira thumba. Ndinkadziwa kuti kutauni ya chigayo ndi kwa Nankwenya mayi wa ndowa uja akuyendabe, ndipo adzayendabe ine nditafa. Koma kumeneko kunalibe mwana wanga.

Ndinali ndisanamuone. Maso anga ankafufuza pakati pa ana, poti m'mutu mwanga anali akadali wa kachikwama. Ndiye ndinamva mawu a mtsikana pafupi ndi khitchini, omveka bwino, osanjenjemera.

"Ine sindifufuta."

Anali namwali wamtali, atamanga chitenje cha maliro, foni yakale yong'aluka galasi ataifumbata pachifuwa. Tadeyo anali ataima patsogolo pake. Velina anandinong'oneza kuti, "Ndi ameneyo."

Zonse zimene ndinkaopa m'maminibasi muja zinandibwerera nthawi imodzi. Ndinati basi, ndi zoona, mwana wanga yemwe amaisunga. Mwina ndi mmene anapulumukira kusukulu, kuseka nawo limodzi kuti asamuseke. Ndinapita kukaima pamaso pake. Ndinkafuna kumukumbatira, koma manja anakana.

"Khumbize."

"Amayi," anatero, maso ali pansi.

"Ukuisungiranji, mwanawe?"

Anatsegula foniyo, ndipo sanafufuze n'komwe, chala chinkadziwa njira. Anasendera pafupi nane. Nyimbo ija anali ataizimitsa. Chala chake chachikulu anachiika pamwamba pa galasi, pamene panali mawu a Tadeyo aja, n'kuwaphimba onse. Pansi pa chalacho panatsala mayi wamphamvu zake, wa tsitsi lakuda, akuyenda mofulumira kuseri kwa nyumba ndi ndowa m'dzanja. Ndinali ndisanamuonepo wopanda mawuwo pamutu pake.

"Munachoka osasiya chithunzi," anatero. "Amayi aakulu analibe china. Ndinkabisala mukaimba, chifukwa ndikanamva mawu anu ndikanalira, inu mukanabwera, ndiye akanakugendani." Anaimitsa vidiyoyo ndi chala china. "Apa. Apa mumacheuka. Ine ndinkati mukuyang'ana ine."

Tadeyo anali akadali chiimire pambali pathu. Ndinamuuza kuti uyu amusiye, apitirire kwa ena. Kenako ndinakhala pansi pakhonde la khitchinilo, ndipo mwana wanga anakhala pambali panga, phewa lake litagunda langa.

"Tabwezanso ndione," ndinatero.